Madzi Amene Amasintha Miyala: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa ku Msongwe



Pobwera kuno ku Msongwe m'mawa uno ndatola mwala uwu m'mbali mwa msewu. Taonani mizere yake yakuda ndi yoyera. Akatswiri amautcha gneiss. Unaumbika zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, makilomita ngati 20 pansi pa nthaka, kumene kutentha kumapyola madigiri 500, miyala ya pamwamba ikuufinya ndi kulemera kwake.

Kusukulu tinaphunzira kuti zosintha mwala ndi ziwiri, kutentha ndi kufinyika. Lero ndiwonjezepo chachitatu, madzi. Pansi pamenepo madzi sauluka ngati nthunzi ayi, poti nawonso afinyika. Amayenda m'ming'alu atasenza mchere, mpweya wa carbon dioxide ndi asidi. Akakumana ndi feldspar, imene ili m'mizere yoyerayi, asidi amachotsamo potassium, sodium ndi calcium, madzi n'kupita nazo. Zotsalazo, aluminium ndi silica, zimasanduka quartz ndi mica, tonyezimira tija timaona m'dothi. Asidi akachuluka, kutentha n'kukula, pamabadwa miyala ina monga sillimanite ndi kyanite.

Madziwo akayamba kuzizira amatula katundu wawo m'ming'alu muja. Ndiyo mitsitsi yoyera ya quartz imene mumaiona m'matanthwe, ndipo ina imakhala ndi golide, monga ku chigwa cha Lisungwe ku Neno. Amene munafikako ku Chiweta m'boma la Rumphi munaona madzi otentha akutumphuka pansi. Amenewo sachokera kutali kwambiri, koma ndi umboni woti madzi akuyendabe m'ming'alu mpaka lero.

Bwanji ndikunena zonsezi? Achinyamata athu ambiri akukumba maenje ku Mzimba kufunafuna aquamarine ndi miyala ina ya mtengo wapatali. Ambiri amakumba mongoyerekeza, ndipo akaipeza amaigulitsa motchipa posadziwa mtengo wake. Chikhalirecho mwala umaonetsa wokha pamene madzi anadutsa, kwa munthu wodziwa kuuwerenga. Safunsa anadya phula.

Choncho ndikupempha bungwe lathu kuti lisonkhe ndalama zogulira mabuku a za miyala, ndiponso liitane katswiri wa ku Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba, adzacheze ndi ana a Fomu 4. Mwala uwu ndiusiya m'manja mwa aphunzitsi a sayansi, ukhale woyamba pa shelefu.