Mawu a kochi Loweruka: kodi m'botolo la "zero sugar" muli chiyani?

Sinditalikitsa, dzuwa la kuno ku Chileka mukulidziwa nokha.

Titapita kukasewera ku Lirangwe, ndinaona ena mwa inu mutanyamula timabotolo tolembedwa kuti "zero sugar". Wina anachita kundiuza kuti, "Akochi, ichi ndiye chimene amamwa akatswiri." Chigawo chachiwiri chisanafike n'pakati pomwe, yemweyo anali atagwira m'chiuno, miyendo italemera. Ndiye lero tiyeni tilitembenuze botololo, tiwerenge kumbuyo kwake.

Choyamba ndi madzi, ndipo ndiwo ambiri. Chachiwiri ndi timichere, sodium ndi potassium, timene timatuluka ndi thukuta. Chachitatu ndi zotsekemeretsa, mayina ake aspartame, sucralose kapena acesulfame K. Aspartame amatsekemera pafupifupi ka 200 kuposa shuga, sucralose pafupifupi ka 600, n'chifukwa chake amangothira pang'ono zedi. Zotsalazo ndi utoto ndi kafungo ka zipatso basi.

Mwaona chimene chikusowa? Mphamvu. Lilime likumva kutsekemera, koma minofu sikulandira kanthu. Mpira wa mphindi 90 umadya shuga amene thupi linasunga m'minofu, ndipo akachepa m'pamene miyendo imakana. Chakumwa cha masewera chokhala ndi shuga chimakhala ndi magalamu pafupifupi 6 pa mamililita 100 alionse pa chifukwa chimenechi. Cha "zero" chimabwezera madzi ndi mchere, osati mphamvu.

Sindikuti ndi poizoni ayi. Munthu wa matenda a shuga chingamuthandize. Koma amene mukumwa kuti muchepetse thupi, dziwani kuti mu 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti tisadalire zotsekemeretsazi pa nkhani imeneyo.

China, tisasokoneze chakumwa cha masewera ndi ma enaji amene adzaza m'magolosale. Ma enaji ali ndi caffeine, ngakhale atalembedwa kuti alibe shuga. Mtima umathamanga, usiku tulo osabwera, mawa ku sukulu n'kumasinza. Akuluakulunu mukukumbuka mu 2019, chakumwa cha Natural Power SX chochokera ku Zambia chinaletsedwa atachipeza ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Anthu ankangomwa osadziwa. Choncho werengani, onani tsiku lotha ntchito, ndipo ngati n'chopangidwa konkuno, yang'anani chizindikiro cha MBS.

Nanga tizitani? Tsiku la gemu idyani nsima, mpunga kapena mbatata kukadali maola atatu. Imwani madzi kuyambira m'mawa, osadikira ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Ngati tikungochita mafizo osakwana ola limodzi, madzi okha akwanira. Pa hafu taimu idyani nthochi, muli shuga ndi potassium momwemo. Gemu ikatha, thobwa ndi kamtedza.

Tsiku lotentha kwambiri, tipange chathu. Lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni a tiyi 6 a shuga, theka la supuni ya tiyi ya mchere, n'kufinyiramo ndimu. Masupuniwo akhale osefukira ayi. Ndi muyezo womwe uja amatiphunzitsa kuchipatala mwana akatsegula m'mimba. Madziwo akhale aukhondo ndithu, kolera tinamuona ndi maso athu muno mu Blantyre.

Ndalama mumaipeza movutikira, ena mwa ganyu, ena mwa kabaza. Musaithere pa botolo lokongola pamene phava la nthochi likanadyetsa timu yonse. Loweruka likubwerali ine ndibweretsa chigubu ndi mandimu. A kaputeni, shuga ndi mchere ndasiya m'manja mwanu. Amene ali ndi botolo lake abwere nalo, tidzawerengere limodzi.