Nyimbo ndi zithunzi zikasowa mu memori khadi



Lero tikambe dandaulo limene ambirife tikulidziwa. Munthu wapereka memori khadi kapena fulashi pamsika kuti amuikiremo nyimbo, kapena wapita nayo kosindikiza kalata. Pobwerako, zithunzi za ukwati mulibe, mawu amene kalabu inajambula m'midzi mulibenso. Chatsala ndi timafoda tokhala ndi kamuvi pakona.

Mitima pansi. Nthawi zambiri katundu wanu amakhala ali momwemo, wangobisidwa. Vairasi imeneyi, imene anyamata amaitchula kuti shortcut, imabisa mafoda enieni n'kuika onamizira, kuti inu mukadina iyo ilowe mu kompyuta. Ndiye kamuviko musakadine ayi. Yang'anani kaye malo otsala mu khadimo. Ngati ikuonetsa kuti ndi yodzaza pamene maso sakuona kanthu, dziwani kuti zinthu zilipo.

Apa pafunika kompyuta ina yosadwala. Windows 10 ndi 11 amabwera kale ndi mlonda wake, Microsoft Defender. Auzeni aipime khadiyo ndi kuchotsa vairasi. Kenako atsegule cmd ndi kulemba chonchi: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E aike chilembo chimene kompyutayo yapatsa khadi yanu. Mafoda akaonekera, akopereni pena, ndipo pamenepo ndiye mungafomate.

Ndikubwereza, kufomata ndi komaliza. Anyamata ena, osati mwankhanza koma pofuna kuthandiza msanga, amathamangira kufomata n'kudzazamo nyimbo zina. Pamenepo ndiye pamafera zinthu.

Chifukwa chake n'chiyani? Khadi ili ngati mudzi wokhala ndi kaundula wa mfumu. Fayilo ikafufutidwa, chimene chachotsedwa ndi dzina m'kaundula basi. Nyumba ikadali chiimire, kungoti malowo alengezedwa kuti alibe mwini. Mukaikamo nyimbo yatsopano kapena kujambula chithunzi chimodzi, mwina mwamanga pamalo omwewo, ndipo yakaleyo sibweranso. Choncho ngakhale vairasi itafufutadi, itulutseni khadiyo mu foni nthawi yomweyo, muikulunge papepala. Pali mapulogalamu aulere, monga Recuva ndi PhotoRec, amene amayendera nyumba ndi nyumba osadalira kaundula. Zimene apezazo muzisunge mu kompyuta kapena fulashi ina, osati mu khadi yomweyo. PhotoRec sabweza mayina a mafayilo, amangoika manambala, ndiye konzekerani kukhala pansi n'kumatsegula imodziimodzi. Koma zimene zinali m'mimba mwa foni yeniyeniyo, osati mu khadi, n'zovuta kwambiri kuzibweza; wina akakutchulirani mameticais ambiri polonjeza zimenezi, ganizani kawiri.

Ilipo vairasi ina yoopsa kuposa apa, yotchedwa ransomware. Iyi imakhoma mafayilo ndi loko, eni ake n'kumafuna dipo. Mu 2017 ina yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Tsidya linali kwa anansi athu ku Malawi, mu February 2024, amene anali mtsogoleri wa dzikolo nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Iwo anati boma silipereka, ndipo anthu anadikira mapasipoti kwa masabata angapo. Zoterezi Recuva sathandiza. Kuyambira 2016 pali tsamba la No More Ransom, limene a Europol anakhazikitsa pamodzi ndi anzawo, pomwe pamapezeka makiyi aulere otsegulira ena mwa malokowa, osati onse.

Kwa alembi a makalabu, pempho langa ndi ili: khalani ndi makhadi awiri. Ina iziyenda kumsika ndi kosindikiza, ina izikhala kunyumba yosunga kaundula wa mamembala ndi mawu ojambulidwa. Ndipo popita kosindikiza, ikani khadi yaing'onoyo mu adaputala yake n'kutsitsa kabatani ka pambali kolembedwa Lock, kuti kompyuta ya eni ake ithe kuwerenga koma isalembemo kanthu.