KWANU NKWANU: MAWU KWA OBWERA NDI KWA OLANDIRA

Mawu amene adalankhula mwalimu wa madrasa yathu pambuyo pa swala ya Idi



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah amene watifikitsa pa tsiku la lero titamaliza mwezi wa Ramadhani. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), banja lake ndi maswahaba ake onse.

Olemekezeka mashehe athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, mafumu, abambo ndi amayi, achinyamata ndi inu ana athu a pa madrasa, Idi Mubarak nonse.

Tikamwaza maso pabwalo pano tikuona nkhope zimene sitidazione chaka chatha. Ena atsika basi dzana kuchokera ku Joni, ena achokera ku Harare, ku Dar es Salaam, ndipo alipo amene awoloka nyanja zazikulu pa ndege. Takulandirani ndi manja awiri. Mawu athu a lero ndi a inuyo, komanso ndi a ife otsala pamudzi, pakuti ulendo wa kumudzi umakoma kapena kuwawa malinga ndi mmene wobwera ndi wolandira achitira.

Ulendo sudayambe lero

Kuno ku Mangochi ndi mabanja owerengeka amene alibe munthu kunja. Agogo athu ankayenda pansi milungu yambiri kupita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ena adalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Joni. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo boma lidaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Mu 1977 ulendo udayambiranso pansi pa Teba, mpaka udatha mu 1988. Amene sadabwereko tidawatcha matchona, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero ku Zimbabwe ndi ku South Africa, zina zikusunga mizikiti imene agogo awo adamanga.

Lero Teba kulibe, koma msewu sudazizire. Mnyamata amakwera basi ku Blantyre, nadutsa pa chipata cha Mwanza, nawoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge, mpaka Johannesburg. Masiku awiri, nthawi zina atatu, munthu ali pa mpando umodzi, miyendo itatupa. Choncho amene mwamuona pano atavala kanzu yoyera, dziwani kuti wavutikira kuti adzaswali nafe. Ameneyu ndi woyenera kumupatsa moni wa ulemu tisadamufunse china chilichonse.

Kulakalaka kwanu si kufooka

Abale athu a kunja amatiuza kuti nthawi imene mtima umawawa kwambiri ndi ya futari. Munthu ali m'kachipinda ka lendi, wamasula ndi madzi ndi buledi, koma m'mphuno mwake mukumveka fungo la mbatata ndi chinangwa zotendera za amayi ake. Wina amakumbukira liwu la uja ankadzutsa anthu kuti adye daku. Wina amakumbukira utsi wa usipa pa doko, mwezi ukuwala pa Malombe, kapena mmene ankathamangira ndi anzake kuchokera ku madrasa kukatola mango kwa eni ake.

Musachite nazo manyazi zimenezi. Maswahaba atasamukira ku Madina mu 622, Bilal adadwala malungo, ndipo mayi wathu Aisha adasimba kuti akapezako bwino ankatchula zigwa za ku Makka, udzu wake ndi madzi ake, kulakalaka atagonakonso usiku umodzi. Tangoganizani, ku Makka nkumene Bilal adagonekedwa pa mchenga wotentha, mwala uli pachifuwa. Komabe kwawo kudali kwawo. Mtumiki (SAW) sadamudzudzule. Adapempha Allah kuti awakondetse Madina monga momwe ankakondera Makka. Akuluakulu athu adanena zoona kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Mudzi sudikira munthu

Koma pali chinthu chimene chikumbumtima sichitiuza. Mudzi umene munthu amausunga mumtima umaima pa tsiku lomwe adanyamuka, pamene mudzi weniweni umayendabe. Amene adachoka isanafike 2002 adasiya mlatho wakale pa Shire, ndipo akabwera amapeza wina. Chambo chimene adasiya chili ndiwo ya aliyense, lero ndi cha pa mwambo. Amene adachoka isanafike November 2023, pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akalowa mu msika amayesa kuti ogulitsa akumubera poona nsapato zake. Mtengo wa mango uja adaudula nkuwotchera njerwa. Mtsikana amene adamusiya ali kumbuyo lero ali ndi wake kumbuyo. Ndipo pakhonde pamene ankakhala agogo pali mpando wopanda munthu.

Apa ena amakhumudwa, nayamba mawu aja oti, "Kuno zinthu sizikuyenda, kwathu ku Joni sitichita chonchi." Ena amangokhala duu, kuwerenga masiku oti abwerere.

Mtumiki (SAW) adalowanso mu Makka mu 630, patapita zaka 8 chisamukireni. Atafunsidwa ngati akafikire ku nyumba yake, kudapezeka kuti nyumba za banja lidali litazitaya kale, pakuti msuweni wake Aqil adazitenga nkuzigulitsa. Mwini mzinda adagona mu tenti. Sadayambe mlandu wa nyumba, koma adakhululukira anthu amene adamuthamangitsa. Ndipo zonse zitatha adabwerera ku Madina, kwa anthu amene adamulandira ali pa mavuto. Apa tikuphunzirapo ziwiri. Wobwera asadzere makoma ndi mitengo, adzere anthu. Komanso munthu angathe kukonda malo awiri popanda kulakwira ena alionse.

Kwa inu obwera

Masiku amene muli nawo ndi ochepa, mwina milungu iwiri kapena itatu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tiloleni tikupempheni zinthu zinayi.

Choyamba, yambani ndi makolo. Tikudziwa kuti anzanu akukudikirani pa boma, ndipo pali njerwa zoti mukaone ndi malata oti mukagule. Koma mayi amene wakhala akumva liwu lanu pa WhatsApp zaka zinayi akufuna akuoneni mukudya nsima imene waphika yekha. Khalani nawo pamkeka, foni ili m'thumba. Afunseni za miyendo ikuwawayo, za munda, za amene adamwalira inu kulibe. Ndalama za pa Mukuru zimafika, inde, ndipo Allah akulipireni, koma ndalama sizimva nkhani.

Chachiwiri, pepesani maliro ndipo pitani kumanda. Pa zaka zimene mudali kutali, pali makomo amene adalira. Mu 2020 zipata zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ambiri adalephera kudzaika abale awo. Yendani makomo amenewo, ngakhale papita nthawi. Mtumiki (SAW) adayendera manda a mayi ake Amina pa Abwa, ndipo adalira mpaka amene adali naye adaliranso. Wachikulire sachepa chifukwa cholira pamanda a mayi ake.

Chachitatu, pitani ku nyumba imene simukufuna kupitako. Banja lililonse lili ndi khomo lotere. Mwina ndi kwa achimwene amene mudawatumizira ndalama za simenti nkupeza maziko okha. Mwina ndi kwa amalume amene mudasemphana nawo pa nkhani ya munda. Chiphunzitso chathu nchoti wolumikiza chibale weniweni ndi amene amalumikiza pamene winayo wadula. Nkhani ya ndalama ikambidwe, pamaso pa ankhoswe kapena mwinimbumba, modekha, pakuti chilungamo nachonso ndi lamulo. Koma musakwere basi musadapatsane moni. Palibe akudziwa ngati Idi ya mawa idzakupezani nonse awiri.

Chachinayi, yendani ndi ana. Ena mwabwera ndi ana obadwira kunja, amene amayankhula Chizulu, Chishona kapena Chingerezi, ndipo agogo awo akawapatsa moni m'Chiyao amangoyang'ana kwa inu. Musawasiye m'nyumba ndi foni. Atengeni mukawaonetse pamene Shire amatulukira m'nyanja. Aonetseni nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho, muwauze kuti tauni ino kale inkatchedwa Fort Johnston. Ngati thumba lilola, kwerani nawo mapiri a njira ya ku Namwera akaone nyanja ali pamwamba, kapena pitani ku Cape Maclear, kumene kuli paki ya nyanja imene UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Ngati thumba silola, doko la pafupi ndi lokwanira. Aone mmene amakokera khoka, alawe thobwa, aswali mu mzikiti umene inu mudaphunziramo alifu ndi bee. Ndipo pa ulendo uliwonse tengani ndi asuweni awo a pamudzi, kuti adziwane akadali ana.

Mabuku a mbiri amasimba kuti Mtumiki (SAW) ali ndi zaka 6, mayi ake adapita naye ku Madina kukaona abale a kuchimuna. Udali ulendo waufupi, koma atakula ankazindikirabe nyumba imene adafikira ndi malo amene adaphunzirira kusambira. Mwana saiwala kumene adasewera. Zimene mumuonetse mwezi uno ndi zimene zidzamubweretse kuno inu mutapita.

Kwa ife olandira

Tsopano titembenukire kwa ife eni mudzi, ndipo pano tilankhule mosabisa. Alipo abale athu amene ndalama ya basi ali nayo, mapepala ali nawo, koma sabwera. Mukawafunsa amati, "Ndikafika bwanji chimanjamanja?" Akudziwa kuti akangotsika, maso onse adzakhala pa chikwama. Azakhali akufuna chitenje, alamu akufuna foni, mphwake akufuna fizi, mnansi akufuna feteleza. Munthu amawerengera zonsezi ali ku Durban, naona kuti sakwanitsa, nati chaka cha mawa. Chaka cha mawa chimasanduka zaka khumi. Umu ndi mmene matchona amapangikira masiku ano, ndipo nthawi zina amene timawapanga ndife.

Kunja si kumunda kwa ndalama ayi. Ambiri mwa ana athu amagwira ntchito m'mashopu, m'magalaja, m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu. Amalipira lendi, amagona anayi chipinda chimodzi, ena amayenda mwamantha chifukwa cha mapepala. Tidaona ndi maso athu mu 2008 ndi mu 2015 mabasi akubweretsa anthu othawa zipolowe zolimbana ndi alendo ku South Africa, atanyamula jumbo imodzi yokha. Amenewo adali ana a m'midzi yathu yomweyi.

Choncho mwana akafika, funso loyamba lisakhale loti, "Watitengera chiyani?" Likhale loti, "Wayenda bwanji mwanangu?" Akakupatsani sopo mmodzi, landirani ndi manja awiri. Akabwera wopanda kanthu, muphereni nkhuku yomweyo imene mukadamuphera atabwera ndi galimoto. Musamuyerekeze ndi mwana wa uje amene wamanga ya malata. Ndipo ife amene tidasungitsidwa ndalama za abale, tizikumbukira kuti imeneyo ndi amana. Sungani malisiti, onetsani pamene ntchito yafika, ndipo ngati zina zidapita ku matenda kapena ku njala, nenani zoona iye asadafunse.

Inunso obwera, musatenge ngongole kuti mudzaoneke. Kubwereka galimoto ya milungu iwiri nkukabweza chaka chathunthu sikuthandiza mayi anu. Komanso mumanamiza achinyamata amene akukuonani, nasiya sukulu ndi madrasa poganiza kuti ku Joni ndalama amatola. Auzeni zoona za kumeneko, zokoma ndi zowawa zomwe.

Amene sadathe kubwera

Tisaiwale amene mipando yawo ili yopanda anthu lero. Madzulo ano, mpunga ukapsa, aimbireni foni. Musayambe ndi mavuto a pakhomo. Auzeni kuti tawakumbukira pa swala, kuti malo awo alipo, kuti abwere ngakhale ndi chikwama chopanda kanthu. Ndipo ngati m'banja mwanu muli wina amene adasowa kalekale osamveka, funsani kwa amene abwerawa. Nthawi zambiri munthu amapezeka kudzera pa mzikiti umene amaswali. Chibale ndi fupa, sichiola.

Pochoka pano, sunna ndi yoti tibwerere njira ina, osati imene tadzera. Njira imeneyo itidutsitse pa khomo la wodwala, la wamasiye, ndi la amene tidasiyana naye mawu.

Tikupempha Allah alandire kusala kwathu ndi swala zathu. Awasunge a paulendo pa misewu ndi pa zipata, awapatse riziki la halali amene ali kunja, awachitire chifundo makolo athu amene adagona kuno ndi amene adagona m'maiko a eni, ndipo atisonkhanitsenso pa Idi ikubwerayi tili amoyo ndi ogwirizana. Amin.