Msana wa mayi si chikuku

Awa ndi mawu amene tinalankhula pamsonkhano wathu ku Mandala Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene simunafike mumve nawo.



Tiyambe ndi funso. Ndani wa ife anaberekapo mwana kumbuyo kuchokera mumsika wa Limbe mpaka pasiteji? Mwana wa chaka chimodzi chabe, koma pofika paminibasi msana wayamba kale kudandaula, eti? Tsopano taganizani mwana wa zaka 9. Miyendo yake ikufika m'mawondo mwanu, mutu wake ukugwera chammbali, nsalu imodzi sikukwananso. Ndipo ulendo uliwonse, wa kuchipatala, wa kutchalitchi, ngakhale wa kubafa, wadzera pamsana panu.

Tasonkhana chifukwa cha mwana wotere. Ndi mtsikana wa ku Bangwe. Dzina lake sititchula, chithunzi chake simuchiona, ndipo chifukwa chake tichinena. Satha kukhala yekha, sayenda, salankhula, koma amamva zonse, ndipo mng'ono wake akabwera kuchokera kusukulu amamuzindikira ndi mapazi okha n'kuyamba kuseka. Mayi ake ali nafe muno, ndipo chilichonse chimene tikunena atiloleza ndi iwowo.

Madokotala amati vuto lake ndi cerebral palsy. Tiyeni timvetsetsane, chifukwa mabodza achuluka m'makwalalamu. Vutoli limabwera ubongo wa mwana ukavulala ali m'mimba, pobadwa, kapena akadali wamng'ono. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, malungo ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi, zikhoza kutero. Si ufiti. Palibe amene anamukhwimira. Sizipatsirana. Ndipo si chilango cha mayi.

Koma mlandu umagwera ndani? Tikudziwa tonse. Apongozi amati kwathu kulibe zotere. Anansi amanong'ona. Abambo a mwanayu anapita ku Joni iye ali ndi zaka ziwiri, foni inasiya kulira chaka chomwecho. Mayi ake ankagulitsa kaunjika, koma anasiya, poti mwana wosatha kudzitembenuza yekha ungamusiyire ndani? Ntchito ya usana ndi usiku, yopanda malipiro, yopanda tchuthi, yatsalira mkazi mmodzi. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu.

Chinthu china tinene poyera, tisanamizane: ndalama zathu sizichiritsa mwanayu. Kuvulala kwa ubongo sikubwerera. Wina akadzakuuzani kuti mankhwala ake kapena madzi ake amuyendetsa, gwirani chikwama chanu. Komabe thupi la mwana wotere likasiyidwa pamphasa, minofu imauma, manja ndi miyendo zimapindika, msana umakhota, zilonda zimayamba. Zimenezo ndiye tingathe kuziletsa. Ndiye ndalamazo zipita kuti?

Choyamba, mpando. Ena mwatiuza kale kuti kunyumba kuli chikuku chimene ankagwiritsa ntchito agogo. Zikomo chifukwa cha mtima wanu, koma chimenecho sichingathandize. Mwana wosatha kuimika mutu mukamuika m'chikuku cha munthu wamkulu amatsetsereka, amapendekeka, ndipo msana umaonongeka kuposa kale. Akufunika mpando woyezedwa pathupi pake ndi anthu odziwa ntchitoyi: wogwira mutu, wochirikiza m'nthiti, wa malamba, wa kathebulo kutsogolo, wa popondera mapazi. Akakhala mowongoka amameza bwino. Mwana wodyetsedwa chogona amatsamwa, chakudya chimalowera kumapapo, ndipo chibayo chimayambira pomwepo. Akufunikanso chomuimiritsa, kuti tsiku lililonse miyendo izisenzako thupi lake. Zina mwa izi zimapangidwa konkuno, ndi matabwa, zinanso ndi makatoni omatidwa mpaka kulimba. Kumbukiraninso kuti mwana amakula. Mpando womukwana lero udzafunika kukonzedwa kapena kusinthidwa.

Chachiwiri, thiransipoti yopitira ku mafizo. Thandizo mu Blantyre muno lilipo, ndipo silili kutali ndi pamene takhala pano. Ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, kuli a mafizo. Kuli Kachere Rehabilitation Centre, ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene kale linkatchedwa Malawi Against Polio. Kuli Beit CURE, chipatala cha mafupa chimene chakhala chikuthandiza ana kuyambira 2002. Ife a ku Mandala tikhoza kukafikako wapansi. Koma mayi wa ku Bangwe akwere minibasi mpaka ku Limbe, atsike, mwana kumbuyo, akwere ina mpaka pa Ginnery Corner, madzulo abwererenso chimodzimodzi. Kabaza sangakwere ndi mwana wosadzigwira. Ndalama ikasowa, tsiku la mafizo limadutsa. Likadutsa kawiri katatu, zimene mwana anaphunzira zimayamba kubwerera m'mbuyo.

Chachitatu, zinthu zimene palibe amakonda kuzitchula pa Facebook: mapampasi, sopo, pulasitiki ya pamatiresi, Likuni Phala ndi zakudya zina zofewa. Chachinayi, kampamba koti mayi ake ayambirenso geni yochitira pakhomo, asamadikire ife mpaka kalekale.

Mwaona kuti pa zinayi zimenezi, chogula kamodzi ndi chimodzi chokha? Apa ndi pamene ife a pa intaneti timalakwitsa. Timaika chithunzi chomvetsa chisoni, anthu alira mumakomenti, ndalama zilowa sabata imodzi, tijambulitsa popereka, basi. Pakutha miyezi itatu tonse tili pankhani ina, mayi uja wabwerera pomwe anali. Zinthu nazo sizikudikira: mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, mapampasi omwe.

Ndiye pempho lathu ndi ili: tisapereke kamodzi, tizipereka mwezi ndi mwezi. Kusonkha timakudziwa. Ku bridal shower timasonkha, pa perekaniperekani timaponya mpaka chikwama kupepuka, chipereganyu sitiphonya, banki m'khonde sitijomba. Anthu 50 atalonjeza K2,000 pamwezi, ndi K100,000 mwezi uliwonse. Ndi ndalama ya bando imene imatithera pa TikTok osadziwa n'komwe. Tikupempha lonjezo la miyezi 12. Wotha kuposa apo, apose. Wotha K500, ndi yomweyo, sitiichepetsa.

Tsopano za chithunzi zija. Mwanayu ndi mtsikana, akukula, ndipo sangathe kunena kuti ayi. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichitulukanso. Tonse taonapo zithunzi za ana odwala zikuzungulira pa WhatsApp, nambala ya foni ili ya munthu wina amene banjalo silikumudziwa n'komwe. Ife sitigulitsa misozi ya mwana. Ngati tingathandize pokhapokha titaona malovu ake ndi thewera lake, ndiye kuti vuto lili ndi ife.

Pa kasungidwe ka ndalama tagwirizana izi. Sizilowa mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi yogwiritsa ntchito pa zake. Zikhala ndi pake pake, ndipo potapa pazivomereza anthu atatu. Ndalama ya mpando ikaperekedwa kwa opanga mpandowo mwachindunji. Kumapeto kwa mwezi uliwonse tiziika patsamba lathu zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi malisiti. Mwezi ukadutsa osaona, tifunseni poyera, musachite manyazi. Ndipo mayi a mwanayu ali m'komiti. Iwo ndi amene akudziwa chofunika msanga, osati ife.

Tisaiwalenso kuti zimenezi si chifundo chokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi muno, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Tinali ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano limene linakhazikitsa MACODA m'malo mwa MACOHA. Malamulo alipo. Mwana mmodzi tingamugulire mpando, koma ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Mbayani, ku Machinjiri kuli ena ambiri otsekeredwa m'nyumba. Choncho khansala ndi phungu wa kwanu akabwera kudzapempha voti, afunseni: ana awa mwawakonzera chiyani? Mukadziwa mayi wa mwana waulumali, muuzeni za PODCAM, bungwe la makolo anzake, ndi FEDOMA. Asamalimbane yekha.

Pomaliza, kwa inu amene mukuti mwezi uno zavuta, ndalama palibe. Pali china chimene muli nacho. Titawafunsa mayiwa chimene akuchilakalaka kwambiri, tinkayembekeza kuti atchula mpando. Anayamba aseka, kenako anati akufuna tsiku limodzi adzapite kumaliro a m'dera lawo n'kukhala nawo mpaka kumanda ngati mzimayi wina aliyense, chifukwa anthu ayamba kunena kuti ndi odzikonda. Maola atatu okha. Iwo akuphunzitsani kumunyamula ndi kumudyetsa, inu mukhale naye, iwo apume. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mapepala awiri akuzungulira. Loyamba ndi la ndalama ya pamwezi, lachiwiri ndi la maola a Loweruka. Lembani dzina pa limodzi, kapena pa onse awiri. Amene mukuwerenga patsamba, tilembereni ku inbox. Tsiku lokayezetsa mpando likangodziwika tikuuzani, ndipo padzafunika mmodzi wa galimoto wodzawatenga ku Bangwe m'mawa umenewo.