Chimanga, Ntchito ndi Voti: mawu olankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Komiti yandipempha kuti ndilankhule za chikapitolizimu, chisosholizimu ndi tsogolo la demokalase. Ndiyambe ndanena kuti ine ndimagwira ntchito m'boma, choncho zimene mumve pano ndi maganizo anga ndekha, si mawu a unduna uliwonse.

Mawu awiriwa ndi olemera pakamwa, tiyambe tawamasulira. Chikapitolizimu ndi dongosolo limene minda ikuluikulu, mafakitale, mabanki ndi masitolo zimakhala za anthu paokha kapena za makampani awo, ndipo mitengo ya zinthu imachokera pamsika. Chisosholizimu chimati zinthu zikuluzikulu zopangira chuma zikhale za anthu onse, ndipo kawirikawiri boma ndilo limazisunga m'malo mwawo. Khoma la ku Berlin litagwa mu 1989, Soviet Union nkuphwasuka mu 1991, anthu ambiri ophunzira anati mkangano watha: msika waufulu ndi voti yaufulu ndi mapasa, kumene wapita mmodzi winayo amatsatira. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo umboni wanga sindiutenga ku Ulaya. Ndiutenga kwa anansi athu awiri, Tanzania ndi Zambia, komanso kuno kwathu.

Ku Tanzania, Mwalimu Julius Nyerere analengeza mfundo za ku Arusha mu February 1967. Boma linatenga mabanki ndi makampani akuluakulu. Maganizo a Ujamaa sanali achilendo m'makutu mwa munthu wa kumudzi, pakuti nafenso timati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Ndipo tisawanyoze: ana ambiri analowa sukulu, akuluakulu ambiri anaphunzira kuwerenga, ndipo dziko la mitundu yoposa 100 linagwirizana pa chinenero chimodzi cha Chiswahili. Koma anthu atachedwa kusamukira m'midzi ya Ujamaa mwa kufuna kwawo, mu 1973 boma linalamula kuti kusamukako kukhale kokakamiza, ndipo pofika 1976 anthu mamiliyoni ambiri anali atachotsedwa pamalo a makolo awo. Mlimi amene sanakondwe nazo akanakadandaula kwa yani? Wogula mbewu zake anali boma, nyuzipepala inali ya boma, chipani chinali chimodzi.

Nkhani ya Zambia ndiyo ndimaikonda kwambiri, chifukwa ikuonetsa poyera mmene chakudya ndi ndale zimalumikizirana. Dr Kenneth Kaunda, pansi pa mfundo zake za Humanism, anatengera boma gawo lalikulu la makampani ambiri mu 1968, ndipo mu 1969 analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi ya kopa. Kumapeto kwa 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi cha UNIP. Panali ngati pangano losalembedwa: boma lidzakupatsani ntchito, sukulu, chipatala ndi ufa wotsika mtengo, inu musafunse zambiri. Panganoli linayenda bwino pamene kopa ankagulidwa bwino kunja. Mtengo wake utagwa mu 1975, boma linayamba kukongola kuti lisunge lonjezo lake. Mu December 1986 mtengo wa ufa utakwera, anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe. Mu June 1990 unakweranso, zipolowe zinabuka mu Lusaka, anthu anafa, ndipo msilikali wina, Mwamba Luchembe, anafika polengeza pa wailesi kuti boma lagwa, ngakhale kuti zake zinatha m'maola ochepa. Pa 31 October 1991 a Zambia anavota, ndipo Frederick Chiluba anapambana ndi mavoti pafupifupi atatu pa anayi aliwonse.

Tsono taonani kumene Chiluba anachokera. Anali mtsogoleri wa mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, ZCTU. Boma la UNIP linameza migodi ndi masitolo, koma mabungwe amenewa linalephera kuwameza. Anali ndi mamembala awo, ndalama zawo za zopereka ndi atsogoleri odzisankhira okha. Pamenepo ndi pamene demokalase inapeza popondera.

Wina anganene kuti ndatsimikiza zimene ndinakana poyamba, kuti vuto ndi chisosholizimu. Koma tiyeni tibwere kwathu. Dr Kamuzu Banda ankadana ndi chikomyunizimu poyera. Anali bwenzi la maiko a azungu, anatsegula ubale ndi South Africa mu 1967, ndipo ankagwirizana ndi Taiwan osati China. Pamapepala Malawi anali dziko la chikapitolizimu. Komabe dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, zaka 6 Zambia isanatero, ndipo mu 1971 iwo anakhala Pulezidenti wa Muyaya. Chaka chomwecho ADMARC inakhazikitsidwa. Alimi ang'onoang'ono ankagulitsa fodya, thonje ndi mtedza wawo kumeneko pa mtengo wotsika, ndipo phindu lake lambiri linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani, kuphatikizapo Press Holdings imene inali m'manja mwa Pulezidenti mwiniwake. Lamulo silinkalola mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale mpaka cha mu 1990. Ameneyo anali wa maesiteti. Akuluakulu amene muli muno mukukumbukira kuti popanda khadi la chipani munthu ankatha kubwezedwa pa chipata cha msika kapena pokwera basi.

Mukuona tsono kuti dzina la dongosolo linali losiyana ndi la ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, koma mlimi wa ku Kasungu ndi mlimi wa ku Dodoma anali pa vuto limodzi. Wogula mbewu zake, wopereka ntchito kwa mwana wake ndi wolamulira apolisi anali yemweyo. Mfundo yanga lero ndi imeneyi: demokalase imafota paliponse pamene chimanga, ntchito ndi mphamvu za boma zili m'dzanja limodzi, kaya dzanjalo likudzitcha la anthu onse kaya likudzitcha la kampani.

Ndipo amene anatsegula chitseko kuno anali ofanana ndi a ku Zambia, anthu amene chakudya chawo sichinkachokera kwa chipani. Mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, ndipo mbali yaikulu ya kalatayo inkakamba za malipiro ochepa, mitengo ya mbewu ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Chakufwa Chihana, amene anamangidwa atangotsika ndege mu April chaka chomwecho, anali wa mabungwe a anthu apantchito. Mu May ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo mwezi womwewo maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo losakhudza njala ndi matenda. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, ndiye kuti matipate. Ambiri a msinkhu wanga tinali tisanafike povota, koma zala ziwiri tinkakweza nawo.

Ufulu wa ndale unabwera pamodzi ndi ufulu wa msika. Kwacha inasiyidwa kuti idzipezere mtengo mu 1994, lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1996, ndipo fakitale ija ya David Whitehead inagulitsidwa mu 2003. Ku Zambia migodi inatha kugulitsidwa mu 2000. Zabwino zinalipo, tisakane. Mlimi anayamba kulima bale ndi kugulitsa kumene wafuna, mawailesi ndi manyuzipepala osakhala a boma anachuluka, ndipo zimenezi ndi mpweya wa demokalase. Koma kunabadwanso vuto latsopano. Munthu amene wagona ndi njala, wandale akamupatsa nsalu, thumba la ufa kapena ndalama pamsonkhano, voti yake imakhala katundu wa pamsika ngati tomato. Nchifukwa chake lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa anthu. Lamulo lomwelo limafuna kuti zipani ziziulula amene akuzipatsa ndalama zambiri. Kwa ine ndime imeneyi ndiyo yofunika koposa, pakuti wamalonda amene walipirira kampeni sachita zimenezo chifukwa cha chifundo. Amayembekezera kontirakiti chisankho chikatha, ndipo zikatero dzanja limodzi lija labwereranso, kungoti tsopano lavala suti ya bizinesi.

Nanga msika ukatsegulidwa, kodi demokalase imatsatira yokha? Tanzania inagwirizana ndi IMF mu 1986, Nyerere atatula pansi udindo chaka chapitacho, ndipo inalola zipani zambiri mu 1992. Koma chipani cha CCM sichinachokepo pampando, ndipo pa chisankho cha October 2025 chipani chachikulu chotsutsa cha Chadema sichinaloledwe kupikisana nawo, mtsogoleri wake Tundu Lissu ali m'ndende. China inatsegula misika kuyambira 1978 pansi pa Deng Xiaoping, inachotsa anthu mamiliyoni mazanamazana mu umphawi, koma chipani ndi chimodzibe. Mwina mukudziwa kuti nyumba yathu ya malamulo ku Lilongwe, kumene aphungu a zipani zosiyanasiyana amakangana usana wonse, inamangidwa ndi dziko la China lomwelo. Ndikadutsapo ndimamwetulira pang'ono.

Apa ndi pamene pali mantha anga a m'tsogolo. Amalawi tachotsapo atsogoleri olamula kudzera m'bokosi la voti mu 1994, 2014, 2020 ndi 2025. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chinthu chimene mu Africa muno chinali chitachitikapo ku Kenya kokha mu 2017. Pa nkhani ya kuvota tafika patali. Koma mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense muno akudziwa chimene chinachitikira malipiro ake ndi mtengo wa feteleza. Mnyamata amene anabadwa matipate atabwera kale, wamaliza sukulu ndipo wakhala zaka zisanu akufunafuna ntchito, mukamuuza za khadi la chipani amangomva ngati nthano. Ndamvapo achinyamata otere m'minibasi akunena kuti dziko lino likufunika mtsogoleri wankhanza pang'ono, bola zinthu ziyende. Sindiwaseka. Akupempha pangano lomwe lija la ku Zambia, ufa posinthana ndi kukhala chete, osadziwa kuti linatha bwanji kopa atagwa mtengo.

Pali dziko limodzi la m'chigawo chathu chino limene linayenda njira ina. Ku Botswana kampani ya dayamondi ya Debswana ndi ya boma theka, theka linalo ndi la De Beers. Boma linagwiritsa ntchito gawo lake kumanga sukulu, zipatala ndi misewu, koma silinatseke zipani zotsutsa kapena makhoti. Malonda a dayamondi atavuta ndi ulova utakula, mu October 2024 anthu anachotsa chipani cha BDP chimene chinalamula zaka 58, ndipo Mokgweetsi Masisi anavomera kugonja nkupereka mpando kwa Duma Boko popanda mwazi. Kodi chimenecho tichitche chikapitolizimu kapena chisosholizimu? Ine sindivutika ndi dzina. Ndimayang'ana kuti boma linali ndi gawo lalikulu m'chuma, koma anthu anatsala ndi mphamvu yolichotsa.

Muno muli maloya, owerengera ndalama, aphunzitsi, abusa, amalonda ndi anzanga a m'boma. Ambiri mwa ife tili m'mabungwe a ntchito zathu, m'makomiti a mipingo, m'ma SACCO ndi m'makalabu a alimi kwathu kumudzi. Ndikupempha kuti pa nthawi ya mafunso tikambirane zinthu ziwiri: ndi mabungwe angati mwa amenewa amene akuyenda ndi zopereka za mamembala awo, osadalira wandale kapena wothandiza wakunja, ndipo ndani mwa ife anayamba wapita kukafunsa ku ofesi ya mlembi wa zipani kuti aone amene akupereka ndalama ku chipani chimene iye amavotera.

A Wapampando, nthawi imene munandipatsa yatha, ndipo ndikumva kuti kukhitchini nsima yapsa.