Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokumbukira Ursula K. Le Guin

Ndathokoza pondiitana kudzakumbukira nanu mayi Ursula K. Le Guin, mlembi wa ku America amene anabadwira ku Berkeley m'chaka cha 1929 n'kumwalira ku Portland mu Januwale 2018.

Alipo ena amene amati nkhani za matsenga, zinjoka ndi maiko a kuthambo n'zongosangalatsa ana. Mayiwa anaonetsa kuti dziko lopeka ndi galasi lodzioneramo. Bambo awo, Alfred Kroeber, anali katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, ndipo mayiwa anakula akudziwa kuti mtundu uliwonse uli ndi njira yake yokhalira.

Mu 1968 anatulutsa A Wizard of Earthsea. Ngwazi yake, Ged, ndi mnyamata wa khungu loderapo, pa nthawi imene ngwazi za mabuku otere zinali azungu pafupifupi zonse. Chifukwa cha matama, Ged amasula mthunzi woopsa umene umulondola paliponse, ndipo apeza mtendere pokhapokha atavomera kuti mthunziwo ndi iye mwini. Chaka chotsatira anatulutsa The Left Hand of Darkness, buku limene linapambana mphoto za Hugo ndi Nebula.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi The Ones Who Walk Away from Omelas ya mu 1973. Mzinda wa Omelas ndi wa mtendere ndi chuma, koma chimwemwe chonsecho chatsamira pa mwana mmodzi wotsekeredwa m'kachipinda ka mdima, wanjala ndi wosiyidwa yekha. Aliyense amadziwa zimenezi. Ambiri amazizolowera, koma ena ochepa amauchoka mzindawo. Aliyense wowerenga amakakamizika kudzifunsa kuti ubwino umene akudyerera ukulipiridwa ndi ndani.

Kuno kwathu njira yolemba nkhani zotere yatseguka kale. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, buku lolingalira za Africa wa m'tsogolo. Achinyamata inu, werengani Le Guin, ndipo mulembe nkhani zanu m'Chichewa, zofunsa mafunso olimba okhudza moyo wathu. Aphunzitsi ndi osunga malaibulale, apezereni ana mabukuwa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.