Liwu Lathu Lero: Sipekitiramu

Liwu lathu lero ndi "sipekitiramu". Linachokera ku Chilatini, ndipo kumeneko linkatanthauza chooneka kapena mzukwa.

M'chaka cha 1666, Isaac Newton wa ku Mangalande anadutsitsa kuŵala kwa dzuŵa m'galasi la ngodya zitatu. Kuŵalako kunamwazika, kunasanduka mitundu yonse ya utawaleza. Mndandanda wa mitunduyo ndi umene iye anautcha sipekitiramu.

Koma tanthauzo la liwuli linakula. Mu 1800, William Herschel anaika choyezera kutentha kuseri kwa mtundu wofiira, pamene diso silinkaona kanthu, ndipo muyezo unakwera. Anazindikira kuti kulinso kuŵala kwina kobisika kwa maso athu.

Masiku ano liwuli limaimira banja lonse la mafunde otere: X-ray ya kuchipatala, kuŵala kooneka, ndiponso mafunde a wailesi. Onse amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi; chosiyana ndi kutalika kwa funde. Tsono mukamafunafuna siteshoni pakati pa 88 ndi 108 pa FM, mumakhala mukuyenda m'kachigawo ka sipekitiramu. N'chifukwa chake boma limagaŵira nyumba iliyonse youlutsa mawu malo akeake, kuti mawu asasokonezane.

Tsalani bwino.